Mlandu wa Namondwe Ngwayani?

Kwathu kuno ku Ntcheu, ng'ombe zikadya mmera m'munda wa munthu, nkhani imapita kubwalo. Koma chiyambire palibe mfumu imene inaitanitsapo ng'ombe kuti idzayankhe. Nduna za mfumu zimafunsa kuti ng'ombezo nzayani, ankaweta ndani tsikulo, nanga anasiya chipata cha khola chosatseka ndani. Nthawi zina zimapezeka kuti mbusayo ndi kamwana kosayenera n'komwe kupatsidwa ng'ombe zambiri chotero, ndipo zikatero mlandu umalumpha mwanayo n'kukagwera amene anamutuma. Njira yomweyi ndiyo tiyenera kutsata pofufuza mbiri ya anamondwe amene asautsa dziko lathu. Mphepo ndi mvula sitingazizenge mlandu. Chimene tingafunse n'chakuti, pamene madzi ankabwera, udindo woteteza anthu unali m'manja mwa yani, ndipo mwini udindoyo anachitapo chiyani?

Funsoli linamveka kwambiri m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, pamene namondwe wotchedwa Freddy anagwa m'chigawo cha kummwera. Namondweyu sanabwere mozemba ngati mbala. Anabadwira kutali, panyanja ya kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale, nawoloka nyanja yonse ya India akatswiri a zanyengo akumuona. Anamenya chilumba cha Madagascar pa 21 Febuluwale, nalowa m'dziko la Mozambique pa 24 Febuluwale, kenaka n'kubwereranso kunyanja kumene anakatenga mphamvu zina. Pa 11 Malichi anatulukiranso pafupi ndi Quelimane, ndipo apo mpamene analunjika kwathu. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse linatsimikiza pambuyo pake kuti Freddy anakhala masiku 36, ndi kuti m'mabuku mwawo munalibe namondwe wina amene anakhalitsa chotero. Tsono tisanapite patali tigwirizane mfundo imodzi: boma linali ndi masiku, osati maola, oti likonzekere.

Zimene zinachitika ambiri a inu mukuzikumbukira. Mvula inagwa usana ndi usiku osalekeza. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe inaposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, mvula imene madera ambiri a dziko lino amalandira m'chaka chathunthu. Pa 13 Malichi phiri la Soche mumzinda wa Blantyre linagumuka, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba n'kukwirira anthu ku Chilobwe. M'masiku omwewo mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unafafanizika, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe mitsinje inasiya njira zake n'kudutsa pakati pa midzi. Lipoti la boma linati anthu 679 anamwalira, ena 537 anasowa, ndipo oposa 659,000 anathawa m'nyumba zawo n'kukakhala m'misasa, yambiri mwa iyo m'makalasi a sukulu. Zonsezi zinagwa dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022.

Chimene chinawawa anthu koposa si kuchuluka kwa mvula ayi, koma zimene anaona mvulayo ikugwa. Ku Chilobwe abale ankafukula abale awo ndi makasu, mafosholo ndi manja. Asilikali, apolisi ndi a Red Cross anagwira ntchito modzipereka, ena mpaka kuika moyo wawo pachiswe, koma zipangizo zinali zoperewera. Midzi imene milatho yake inakokoloka inakhala masiku osafikiridwa, mpaka maiko a Tanzania ndi Zambia atatumiza ndege zothandiza. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, anali kunja, kumene anakakhala nawo pa msonkhano ku Doha. Chilengezo chakuti m'chigawo cha kummwera mwagwa ngozi chinatuluka pa 13 Malichi iye asanafike. Atabwera anakakhala nawo pa maliro ku Chilobwe, nalamula masiku 14 olira, ndipo nduna zake zinavomereza K1.6 biliyoni yoyambira. Koma akatswiri atawerengera anapeza kuti kukonzanso zowonongeka kunkafuna madola a ku America oposa 680 miliyoni.

N'kwapafupi kuimira pomwepa n'kunena kuti mlandu tauona, ngwa boma limene linalipo. Ndipo mbali ina ndi zoona, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Mtsogoleri amene akuona namondwe akuzungulira pakhomo pa dziko lake kwa masabata awiri ayenera kufupikitsa ulendo. Komabe wophunzira mbiri asakhutire ndi yankho limene lafika msanga. Kusowa kwa ndege, kwa mabwato ndi kwa malo othawirako sikunayambe sabata imeneyo. Kuti timvetse bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo ndithu.

M'mwezi wa Disembala 1946 mvula yoopsa inagwa paphiri la Zomba, limene m'tsinde mwake munali likulu la boma la atsamunda. Madzi anatsika ndi miyala ndi mitengo, nakokolola milatho ndi midzi, ndipo anthu oposa 20 anafa. Anthu anati wadutsa ndi Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikamasamuka kupita kunyanja chimasesa zonse zili m'njira yake. Oimba otchedwa Paseli Brothers anaimba nyimbo ya dzina lomwelo imene inatchuka kwa zaka zambiri. Ine sindinyoza chikhulupiriro chimenechi, chifukwa mkati mwake muli nzeru yeniyeni: makolo ankadziwa kuti Napolo ali ndi njira zake, ndipo munthu wochenjera samanga nyumba m'njiramo. Madzi saiwala khwawa. Koma chikhulupirirochi chili ndi mbali ina imene yakhala yokomera olamulira a mibadwo yonse. Ngati wapha anthu ndi Napolo, ndiye kuti palibe ofesi imene iyenera kuyankha.

Patapita zaka 44, pa 10 Malichi 1991, Napolo anatulukira paphiri la Michesi ku Phalombe, kumene panthawiyo kunali mbali ya boma la Mulanje. Anthu pafupifupi 500 anatha. Amene tinali pantchito masiku amenewo tikukumbukira m'mene nkhani zotere zinkayendera. Wailesi inali imodzi, chipani chinali chimodzi, ndipo chimene chinkamveka ndi kuthokoza boma chifukwa cha mabulangete ndi ufa. Kufunsa poyera kuti n'chifukwa chiyani kunalibe chenjezo kukanakhala kudziputira mavuto. M'chipinda cha aphunzitsi tinkangoyang'anana, wina n'kusintha nkhani n'kuyamba za mpira. Ngakhale zinali choncho, ngoziyi inabala kanthu. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Disaster Preparedness and Relief Act, limene linaika Komishonala woyang'anira za ngozi, komiti yaikulu ya dziko lonse, ndi makomiti a m'madera. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene timaitchula kuti DoDMA, mizu yake ili pamenepa.

Lamulo la 1991 linali ndi chilema chimodzi chachikulu. Mphamvu zake zambiri zinkadzuka ngozi itagwa kale. Linkafotokoza bwino za kulengeza ngozi ndi kugawa thandizo, koma pa nkhani yoletsa anthu kumanga m'malo oopsa, yowasamutsa mwadongosolo, kapena yosunga ndalama zokonzekera chaka ndi chaka, linali lofooka. Kwa zaka zambiri ndalama zothandizira pangozi zinkachokera m'thumba la zogwa mwadzidzidzi ku unduna wa zachuma, ndipo thumba lotere limatsekulidwa maliro atachitika. Lamulo limeneli ndilo linali kugwira ntchito tsiku limene phiri la Soche linagumuka, patatha zaka 32, maboma asanu atalowa ndi ena kutuluka.

Sikuti m'zaka zimenezo munalibe zochenjeza. Mu Januwale 2003 mvula ya namondwe Delfina inakokolola mlatho wa njanji pa mtsinje wa Rivirivi, mtsinje umene umachokera m'mapiri athu omwe ano, ndipo sitima zinaleka kufika ku Lilongwe kwa zaka pafupifupi ziwiri. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma 15, ndipo Ntcheu inali m'gulumo. Anthu 106 anafa, 172 anasowa, ndipo pafupifupi 230,000 anasamuka. Chaka chomwecho boma linatulutsa ndondomeko yatsopano yochepetsera ngozi, n'kulonjeza kuti lamulo latsopano likubwera. Mu Malichi 2019 mvula ya namondwe Idai inapha anthu 60 ndi kukhudza anthu pafupifupi 975,000, ndipo Ntcheu inawerengedwanso pamodzi ndi Dedza. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaphwanya damu la malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Patangotha milungu yowerengeka kunabweranso Gombe. Nthawi yonseyi bilu yolonjezedwa ija inkangoyenda m'maofesi, kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo.

Apa mpamene ine ndimaikapo mbali yolemera ya mlandu. Zaka zisanu ndi zitatu, kuchokera 2015 kufika 2023, boma la Prof. Peter Mutharika ndi la Dr. Chakwera onse anali ndi mpata wopititsa biluyo ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu a mbali zonse anali ndi pakamwa pofunsira. M'zaka zomwezo Nyumbayo inkakumana, malamulo ena ankadutsa, ena mofulumira ndithu. Choncho wa chipani chilichonse amene aloza mnzake chala pa nkhani ya Freddy ayenera kuyamba watiuza zimene anachita pamene cholembera chinali m'manja mwake.

Pali chinanso chimene anthu a ku Ntcheu tingachione bwino kuposa ena, chifukwa chinakhudza ana athu awiri. Pa madzi osefukira a 2015 amene ankayang'anira za ngozi anali Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, malemu Dr. Saulos Chilima, amene anagona ku Nsipe m'chaka cha 2024. Atasemphana ndi chipani cholamula mu 2018, udindowo unachotsedwa m'manja mwake n'kupita ku unduna woona za chitetezo cha m'dziko, ndipo kumeneko nkumene Idai anaupeza. Chisankho cha 2019 chitatha, unabwereranso ku ofesi ya Wachiwiri kwa Mtsogoleri, amene tsopano anali a Everton Chimulirenji, nawonso a konkuno. Khoti litafafaniza chisankhocho mu 2020, kunapangidwa unduna wapadera wa za ngozi umene unakhala miyezi yochepa chabe, kenaka boma litasintha nthambiyo inapita ku ofesi ya Mtsogoleri wa dziko. Taganizani za mwana wamasiye amene chaka chino ali kwa amalume, chaka chamawa kwa azakhali, chaka chinacho kwa agogo. Akadwala, aliyense amati anabwera kwa ine ali kale chonchi. Kusamukasamuka konseku sikunachitike chifukwa chakuti wina anapeza njira yabwino yopulumutsira anthu. Kunkatsata mphepo ya ndale.

Nanga maofesi a m'maboma? Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linati mphamvu zipite kwa anthu. Papepala dongosolo lake ndi lokongola: komiti ya za ngozi ya boma lonse pansi pa bwanamkubwa, ina kwa mfumu yaikulu iliyonse, ina m'midzi. Koma kuyambira 2005 kufika 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, chifukwa chisankho chawo chinkangoimitsidwa. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo makhonsolo a mizinda ndi a m'maboma analibe anthu osankhidwa owafunsa kuti mapuloti akugawidwa bwanji ndi kuti malamulo a zomangamanga akutsatidwa kapena ayi. Komiti ya m'mudzi imene ilibe njinga, ilibe chimkuzamawu, ilibe ngakhale ndalama yoimbira foni, ili ngati kamwana kaja kopatsidwa ng'ombe zosatha kuzibweza. Mlandu wake umalumpha n'kukagwera amene anaituma chimanjamanja.

Tsopano tifike pa mawu amene anamveka kawirikawiri maliro a ku Chilobwe asanathe n'komwe, akuti anthuwo anadziputa okha pomanga paphiri. N'zoona kuti phiri la Soche ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo nyumba zambiri zinali pamalo osaloledwa. Koma nyumba simera usiku umodzi ngati bowa. Munthu amagula malo kwa wina, amaumba njerwa, amaotcha, amamanga miyezi ingapo dzuwa likuswa mtengo. Khonsolo ya mzinda inkaona, a zankhalango ankaona, andale ankakwera konko kukapempha mavoti. Ndipo munthu wogulitsa tomato mumsika wa Limbe sakwera phiri chifukwa chokonda kamphepo ka pamwamba, koma chifukwa malo a pansi mtengo wake sangaufike. Chimodzimodzi anthu a kwa Nyachikadza ku Nsanje, amene akhala akukangana ndi boma kwa zaka zambiri pa nkhani yosamuka. Kuchigwako nkumene kuli madimba awo, nsomba zawo, manda a makolo awo ndi ufumu wawo. Kuuza munthu wotere kuti samuka, osamuonetsa munda, chitsime ndi sukulu kumene akupitako, n'kungotaya malovu. Sindikunena kuti anthu wamba alibe mbali. Amene anagulitsa malo a m'khwawa akudziwa ali ndi mlandu, ndipo amene anamva chenjezo n'kuliseka anadzilakwira. Koma mbali yawo siingafanane ndi ya amene anali ndi mapu, malamulo ndi apolisi.

Mwina mungafunse kuti n'chifukwa chiyani maboma athu amaopa chotere kukhwimitsa malamulo a malo ndi nthaka. Yankho lina lili m'mbiri ya boma lathu lomwe lino. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 atsamunda anakakamiza anthu kupanga migula ndi mizere yopingasa m'minda pofuna kuteteza nthaka, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu ankatcha zimenezi malimidwe, ndipo anazida koopsa. M'chaka cha 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Gomani II, Philip Gomani, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwewo. Boma linaichotsa paufumu n'kufuna kuithamangitsa m'boma la Ntcheu. Inkosiyo inathawira ku Mozambique, inabwezedwa, ndipo inamwalira m'chaka cha 1954. Gomani analimbana ndi nkhanza, ndipo tiyenera kumulemekeza. Koma andale a pambuyo pake anatolapo phunziro lopotoka, lakuti wokhudza munda kapena malo a munthu amataya anthu. Matipate atabwera mu 1994 phunziroli linakula mphamvu. Ambiri anamva ufulu ngati chilolezo cholowa m'nkhalango ndi nkhwangwa, ndipo phiri la Ndirande linametedwa mpala m'zaka zochepa akuluakulu akuyang'ana kumbali. Chimene chinalakwika kwa atsamunda chinali chikwapu, osati migula. Ife tinataya zonse ziwiri.

Ndipo tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Blantyre kokha. Yendani pamsewu wochoka ku Ntcheu kupita ku Zalewa muwerenge matumba a makala. Mitengo ya m'mapiri a Kirk Range ndi m'nkhalango za Mvai ndi Dzonzi ndiyo inkagwira madzi kuti atsike pang'onopang'ono kupita ku Livulezi, ku Rivirivi ndi kuchigwa cha Bwanje. Mu 2018 damu la Mpira, limene limamwetsa anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka, linaphwa mpaka pansi. Chaka chouma madzi kulibe, chaka cha mvula amatsika onse tsiku limodzi. Wootcha makala ndi wosavuta kumugwira, chifukwa ali ndi njinga ndipo nkhope yake ili bii. Koma makalawo amapita m'mizinda, m'makhitchini a anthu ophunzira, ndipo amadutsa pa malo ochitira chipikisheni angapo asanafike. Kapichira atawonongeka magetsi n'kumazimazima, makala anafunika koposa kale. Namondwe mmodzi anakonzera njira mnzake, ife tikuthandizira.

Pa nkhani ya chenjezo tiyenera kunena chilungamo. Nthambi yoona zanyengo inachita mbali yake. Inalengeza pawailesi ndi m'mafoni masiku angapo Freddy asanafike, ndipo unduna wa zamaphunziro unaimitsa sukulu m'maboma amene anali pachiopsezo, chinthu chimene chinapulumutsa ana ambiri. Vuto linali lakuti chenjezo linalibe miyendo. Kwa zaka zambiri uthenga wozolowereka unali wakuti thawirani kumtunda, ndipo uthengawu ndi woyenera kwa anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mdani ndi Shire ndi Ruo. Koma munthu wa ku Chilobwe anali kale kumtunda, ndipo imfa inachokera pamwamba pake. Panafunika wina woti anene kuti mabanja a m'mbali mwa khwawa ili atuluke lero, apite ku tchalitchi chakuti, galimoto ili apa. Ntchito imeneyo si ya woyeza mvula. Ndi ya khonsolo, ya DoDMA, ya apolisi, ndi ya amene anayenera kuwapatsa ndalama ndi mphamvu zochitira zimenezo.

Ena amati dziko lathu ndi losauka, palibe chimene likanachita. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi ndi nyanja zake ngwochokera kwambiri ku maiko olemera. Gawo la Malawi ndi lochepetsetsa. Akatswiri atafufuza mvula ya namondwe Ana anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunaiwonjezera ukali. Pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh mu Novembala 2022 maiko anavomera kukhazikitsa thumba lolipira zowonongeka zotere, kusonyeza kuti nawonso akudziwa mbali yawo. Koma umphawi sufotokoza zonse. Dziko la Bangladesh linataya anthu osachepera 300,000 pa namondwe wa 1970, pamene linali mbali ya Pakistan, ndipo kuzengereza kwa boma la nthawiyo kunakolezera mkwiyo umene unathera pa ufulu wa dzikolo mu 1971. Kuyambira 1972 anayamba kuphunzitsa anthu ongodzipereka oyenda m'midzi ndi zimkuzamawu, namanga nyumba zolimba zothawiramo zimene masiku wamba zimakhala sukulu. Namondwe wa 1991 anaphabe anthu pafupifupi 138,000, koma wa 2007 anapha ochepera 5,000, ndipo wa 2020 anapha makumi owerengeka. Sanayembekeze kulemera kaye. Anansi athu a ku Mozambique nawo, atakhaula ndi madzi a 2000, analimbitsa bungwe lawo la za ngozi. Freddy anawamenya kawiri, koma omwalira sanafike 200. Mapiri athu ndi osiyana ndi zigwa zawo, inde, koma kusiyana kwa ziwerengerozi n'kwakukulu moti mapiri okha sangakusenze.

Chuma nachonso pachokha sichiteteza. Dziko la America, lolemera koposa onse, linachita manyazi mu Ogasiti 2005 pamene namondwe Katrina anamiza mzinda wa New Orleans, makoma otchinga madzi atagumuka, anthu oposa 1,300 n'kufa, osauka akudikira thandizo pamadenga. Boma la mzinda, la chigawo ndi la dziko lonse analozana zala monga timachitira ife. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mlandu unazengedwa. Mkulu wa bungwe la za ngozi, Michael Brown, anatula pansi udindo mwezi wotsatira, ndipo aphungu anaitana akuluakulu mmodzimmodzi, nalemba lipoti lotchula amene analephera ndi pamene analepherera.

Kwathu kuno chizolowezi n'china. Pa njala ya 2002, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa, boma linati linatsata malangizo a bungwe la IMF, bungwelo linati silinanene kuti chigulitsidwe chonse, ndipo anthu anaika maliro mkangano uli mkati. Mu 2021, zitadziwika kuti zina mwa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbana ndi Covid-19 zinathera m'maalawansi ndi m'zogula zokayikitsa, akuluakulu anaimitsidwa ntchito, ena anamangidwa, ndipo nduna ina inachotsedwa. Izi zikusonyeza kuti tikafuna timatha kutchula munthu dzina. Koma pa Freddy palibe nduna kapena mkulu wa khonsolo amene anatula pansi udindo. Lipoti limene linalembedwa linawerenga nyumba, milatho, mahekitala ndi madola mwaluso ndithu, chifukwa cholinga chake chinali kupempha thandizo lokonzera. Silinali bwalo la milandu. Atsogoleri akale, Dr. Bakili Muluzi ndi Dr. Joyce Banda, anapemphedwa kutsogolera ntchito yosonkhanitsa thandizo pansi pa mfuwu wakuti Tigwirane Manja, ndipo Amalawi anapereka ndi mtima wonse, mipingo, makampani, ngakhale ana asukulu. Kugwirana manja n'kwabwino. Koma pamwambo wathu, maliro akatha abale amakhala pansi kufunsana kuti malemu anadwala bwanji ndipo anamusamala ndani. Gawo limeneli tinalidumpha.

Mu Epulo 2023, patatha mwezi umodzi chigumukireni phiri la Soche, bilu ija imene inakhala zaka ikuyendayenda inadutsa m'Nyumba ya Malamulo popanda vuto. Ndiyo Disaster Risk Management Act ya 2023. Lamuloli limapatsa boma mphamvu zolengeza kuti malo akuti ndi oopsa ndi kusamutsa anthu okhalamo, limakhazikitsa thumba la ndalama za ngozi, ndipo limafotokoza ntchito ya makomiti kuyambira kulikulu mpaka kumudzi. Monga lija la 1991 linalembedwa pa manda a ku Phalombe, ili linalembedwa pa manda a ku Chilobwe, ku Ntauchira ndi ku Nkhulambe. Namondwe Chido anadutsa mu Disembala 2024 napha anthu 13, ndipo Jude anabwera mu Malichi 2025, koma onse awiri sanafike pa ukali wa Freddy, kotero sanaliyese lamuloli mokwanira.

Anthu 537 aja ntchito yowafunafuna inaimitsidwa patapita milungu yochepa, ndipo boma linati awerengedwe ngati omwalira. Ndi chifukwa chake mabuku ena amalemba kuti Freddy anapha Amalawi oposa 1,200. Ambiri a iwo ali pansi pa miyala ndi mchenga umene unatsika m'mapiri, ndipo abale awo anakhuza maliro opanda mtembo.